Lekani Kubisa Misozi ya Mphaka na Pauda

Uja mphaka woyela wa mtundu wa Persian amene mumakumana naye pa TikTok, ubweya uli mbee monga thonje, maso aakulu, nkhope yophwatalala, sanauke m'mawa ali conco. Pali munthu amene anamugwilila nchito kuti akaonekele bwino pamaso pa woweluza. Mbali yaikulu ya nchito imeneyo ni yabwino, ndipo tiiyamikila. Koma pali mbali ina imene ife tiona kuti ni cinyengo: kufafaniza tumizele tofiilila tumene tumatsika kucoka m'maso mwa mphakayo, n'colinga cakuti aliyense aganize kuti nyamayo ili bwinobwino. Tumizele tuja ni misozi, ndipo anthu ndiwo anaibweletsa.

Kuno tikamva zakuti Show timaganiza za ng'ombe na mathilakita ku Showgrounds. Kumaiko ena amphaka nawonso ali na zionetselo zawo. Cionetselo cacikulu coyamba cinacitikila ku Crystal Palace mu London mu July 1871, ndipo anacikonza ni Harrison Weir, munthu wojambula zithunzi za nyama. Iye ndiye analemba mfundo zoyamba zoweluzila amphaka. Pambuyo pake panabadwa mabungwe: CFA ku America mu 1906, GCCF ku Britain mu 1910. Pa zionetselo za GCCF, mphaka asanalowe dokotala wa ziweto amayamba wamupima kuti aone ngati alibe nthata, cipele kapena matenda ena opatsilana. Akalowa amamuika m'kanyumba kokhala na bulangeti yoyela na mbale yoyela, zofanana kwa onse, kuti woweluza asadziwe mwiniwake. Anthu amenewa sacita zamasewela.

Ife sitili m'gulu la aja amene amaseka akaona munthu akusambika mphaka, kapena amene amathamangila kukamba za ufiti. Persian ni nyama imene siingakwanitse kudzisamalila yokha. Ali na ubweya wautali pamwamba, ndipo pansi pake pali wina wofewa, wothithikana. Mukamusiya masiku ocepa cabe osamupesa, ubweyawo umapotana n'kupanga mfundo kuseli kwa makutu, m'khwapa, pamimba na kumbuyo kwa miyendo. Mfundozo zimakoka khungu mphaka akamayenda, ndipo pansi pake pamabisala zilonda. Woweta wodziwa amapesa tsiku lililonse na cipeso ca citsulo, kufika pakhungu penipeni, osati kungopalasa pamwamba na bulashi. Mfundo yolimba saidula na sizasi, cifukwa khungu la mphaka ni lopyapyala ndipo limakwela pamodzi na ubweya. Ambili anaceka ciweto cawo mwa njila imeneyo.

Kukatsala tsiku limodzi kapena awili kuti cionetselo cicitike, amamudula zikhadabo, amamasula mfundo zonse ubweya ukali wouma (madzi amazimanga kwambili), ndiyeno amamusambika na madzi ofunda. Coyamba amacotsa mafuta, maka-maka kuseli kwa makutu na kutsinde kwa mcila, kumene amphaka aamuna osafula amatulutsa mafuta ambili. Kenako sopo ya amphaka. Ndiyeno kutsukuluza, ndipo apa m'pamene pali nchito, cifukwa sopo ikatsalila ubweya umagona ndipo khungu limanyeleza. Pothela amamuumitsa na dryer yosatentha kwambili, akupesa pang'onopang'ono mpaka ubweya wapansi uja utaumilatu. Amphaka a ubweya waufupi ena ku Britain sawanyowetsa n'komwe: amawapaka gaga wa tiligu wofunditsidwa, n'kumucotsa na bulashi. Zonsezi ni ukhondo. Mphaka amapindula nazo olo kuti sanapite ku cionetselo ciliconse.

Lomba tifike pa maso.

Diso lililonse, la munthu kapena la mphaka, limatulutsa misozi nthawi zonse kuti lisaume. Misoziyo siyendelela pamasaya cifukwa pakona ya diso pali kapaipi kamene kamaitsitsila m'mphuno. Ndiye cifukwa cake munthu akalila amatulukanso mamina. Mwa mphaka wa mphuno yabwinobwino, monga aja amene amagwila makoswe m'makomboni mwathu, kapaipi aka kamagwila nchito mwakacetecete. Mwa Persian wa nkhope yophwatalala, mafupa a kumaso ni ofinyika. Mu 2009 akatswili a ziweto a pa yunivesite ya Leipzig ku Germany anafalitsa zimene anaona atajambula mitu ya amphaka otele na makina a CT: nkhope ikamafupika, nsagwada ya kumwamba na mano zimapendekekela m'mwamba, ndipo kapaipi ka misozi kamapindika moti madzi amalephela kutsika bwino. Misozi ikasowa njila, imasefukila pankhope. M'misozi muli tuzinthu tochedwa porphyrin, tumene tukakhalitsa pa mphepo na kuwala tumasanduka tofiilila monga dzimbili. Pa mphaka wakuda simungaone kwenikweni. Pa woyela zimaonekela patali. Ndipo khwinya la pakati pa diso na mphuno likamakhala lonyowa usana na usiku, khungu limayamba kunyeka, tuzilombo n'kupezapo malo.

Nanga anafinya nkhope ni ndani? Onani zithunzi za amphaka a Persian za kumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Anali na mphuno yooneka, yotuluka monga ya mphaka aliyense. Nkhope ya masiku ano inabwela cifukwa oweta anali kusankha amphaka a mphuno yaifupi kwambili kuti ndiwo azibeleka, cifukwa ndiwo anali kuwina. Pa muyezo wa CFA, Persian amamupatsa mamaki 100. Mutu wokha uli na mamaki 30. Ubweya, umene munthu amaugwilila nchito tsiku na tsiku, uli na 10 cabe. Muyezowo umafuna mphuno yaifupi, yobonyokela pakati pa maso, ndiponso kuti mukamuyang'ana cam'mbali, mphumi, mphuno na cibwano zioneke ngati zili pa mzele umodzi woimilila. Ganizilani bwino zimenezi. Cionetselo cimapeleka mamaki ku nkhope imene imabweletsa misozi, ndipo panthawi imodzimodzi cimayembekezela kuti mphakayo afike na nkhope yoyela ngati sanalilepo. Woweta amene afuna liboni amatsala na njila imodzi: kubisa.

Ndipo njila zobisila zilipo zambili. Pali pauda yoyela, ina ya ufa wosalala wa cimanga, ina yosakaniza na boric acid, imene amaikanikiza na kabulashi pansi pa diso. Pali coko. Pali kudulila ubweya wothimbilila. Pali sopo ya buluu kapena ya pepo imene siicotsa banga koma imanyenga diso la woona kuti cacikasu cioneke coyela. Malamulo a CFA amaletsa kuika pauda, coko kapena utoto mopitilila, ndipo GCCF imafuna kuti pauda yonse icotsedwe mphaka asanaweluzidwe. Lamulo lotelo silikanalembedwa cikanakhala kuti palibe amene amacita. Ndipo taonani kuti pauda ikacotsedwa na bulashi m'mawa wa tsikulo, lamulo lakhutila. Kapaipi kopindika kali pomwepo.

Ena anafika patali kuposa pamenepo. Panabwela mankhwala osakaniza m'cakudya amene anali kulonjeza kuthetsa mabanga a misozi mwa agalu na amphaka. M'kati mwake munali tylosin, antibayotiki amene aliyense woweta nkhuku za mabuloila amamudziwa. Mu August 2014 bungwe la FDA ku America linalembela makalata ocenjeza makampani opanga zinthu zimenezo, cifukwa tylosin sanavomelezedwe kupatsa agalu kapena amphaka. Tangoganizani: kumwetsa nyama antibayotiki tsiku lililonse kwa miyezi, osati cifukwa yadwala matenda amene mankhwalawo amacilitsa, koma kuti cithunzi cituluke bwino. Umu ni mmene timaphunzitsila tuzilombo kukana mankhwala.

Tidziwa zimene okonda mtundu umenewu angayankhe. Adzati si Persian aliyense amene amavutika, ndipo oweta abwino alipo. N'zoona. Alipo a Persian a nkhope yacikale, a mphuno yooneka, amene maso awo savuta kwenikweni. GCCF nayonso inaika malile: mphaka amene nsonga ya mphuno yake yakwela kupitilila m'munsi mwa diso sayenela kupatsidwa mphoto yapamwamba. Koma malile amenewo akuonetsa kumene zinthu zinafika, kuti pacite kufunika lamulo loletsa mphuno kukwela kukakhala pakati pa maso! Mu 2019 a Royal Veterinary College ku London anafalitsa zimene anapeza m'mabuku a zipatala za ziweto ku Britain, pa amphaka a Persian 3,235. Pafupifupi 65 pa 100 alionse anali na vuto limodzi kapena kuposelapo m'caka cimodzi. Pamwamba penipeni panali mavuto a ubweya, ndipo matenda a mano na kutuluka zinthu m'maso zinali pa mndandanda wa mavuto ofala. Awa ni amphaka a m'dziko limene dokotala wa ziweto ali pafupi na khomo.

Adzatinso kupukuta banga ni kuthandiza mphaka. Apa tisiyanitse. Kupukuta misozi kuti khungu lisanyeke ni cisamalilo. Kupaka zoyeletsa kuti woweluza kapena wogula asaone ni malonda. Mayeso ake ni osavuta: funsani ngati cimene mukucitaco mukanacita mphakayo akanakhala wakuda.

N'cifukwa ciani ife a ku Lusaka, Chipata kapena Kabwe tikambe za zinthu za ku London? Cifukwa mavidiyo amenewa afika m'mafoni athu, ndipo amphaka a ubweya wautali ayamba kukhala cinthu conyadila pa zithunzi. Vidiyo imaonetsa mphaka woyela mbee, koma siifotokoza mmene anafikila pamenepo. Ndiyeno munthu amene wagula wake akaona banga, amayang'ana m'nyumba: Jik alipo, Dettol ilipo, mankhwala otsukila mano alipo. Anzathu, apa ndiye pali imfa. Mphaka amanyambita ciliconse cimene cili pa ubweya wake, ndipo ciwindi cake cimalephela kuphwanya mankhwala ambili amene thupi la munthu limaphwanya mosavuta. Dettol ili na chloroxylenol, wa m'gulu la mankhwala amene ni poizoni kwa amphaka. Jik amawaula khungu, maso na m'kamwa. Hydrogen peroxide pafupi na diso ingawononge disolo. Mankhwala a nthata a agalu okhala na permethrin amagwetsa mphaka khunyu. Ndipo mukamuona akuvutika musayese kumupatsa Panadol, cifukwa piritsi limodzi lingamuphe.

Onjezanipo kutentha kwa mu October. Mphaka wa mphuno yofinyika amapuma movutikila kale, ndipo wavala bulangeti imene sangavule. Onjezaninso malaiti amene amapita mukali pakati pomuumitsa. Persian wosiyidwa wonyowa pansi pa ubweya amapanga mfundo tsiku lomwelo. Wogulitsa sakuuzani zimenezi.

Amene muli naye kale, musamutaye ndipo musacite naye manyazi. Tengani thonje na madzi owilitsa amene azizila, pukutani kucoka pakona ya diso kutsika, thonje lina diso lina, ndiyeno umitsani khwinyalo na kansalu kofewa. Citani zimenezi m'mawa na madzulo. Banga lakale silidzacoka lonse mpaka ubweyawo utathothoka n'kumela wina, ndipo palibe vuto. Cibwano cikathimbilila na cakudya, madzi ofunda na mbale yotakata, yosazama, zimathandiza. Koma zotuluka m'maso zikasanduka zacikasu kapena zobiliwila, kapena mphaka akamatsinzina diso limodzi, pitani naye kwa dokotala wa ziweto tsiku lomwelo. Maso otuluka a Persian sacedwa kucita cilonda, ndipo pauda pamenepo imangobisa cimene dokotala afunika kuona.

Amene mukali kusunga ndalama kuti mugule, mphamvu ili m'manja mwanu kuposa woweluza aliyense, cifukwa oweta amabeleketsa cimene cimagulika. Musagule pa cithunzi ca kutsogolo. Pemphani ca cam'mbali kuti muone ngati mphuno ilipo. Pitani mukaone mayi wake wa kamphakako pa tsiku wamba, asanamusambike, ndipo muyang'ane pansi pa maso ake. Khalani cete pang'ono mumvetsele mmene akupumila. Mukamva kulizila mkonono ali maso, kapena mukagwila pansi pa diso cala canu n'kubwela na pauda, bwezani ndalama m'thumba.