Wolemba Malire Wavota Kale



Tikamakamba za chisankho cha ufulu ndi chilungamo, ambirife maso athu amakhala pa tsiku loponya voti. Timafunsa ngati mabokosi adafika ali omata bwino, ngati mavoti adawerengedwa poyera, ngati panalibe wogula anthu ndi nsalu kapena ndalama. Mafunso amenewa ndi oyenera. Koma m'kalata ino tikutsutsa maganizo oti tsikulo likadutsa mwamtendere ndiye kuti chilungamo chachitika. Pali kuba kwina kumene sikufuna kuphwanya bokosi. Kumachitika patebulo, ndi mapu ndi pensulo, miyezi yambiri munthu woyamba asanaime pamzere.

Nkhani yoonetsa bwino zimenezi idachitika ku Massachusetts, chimodzi mwa zigawo za dziko la Amerika, m'chaka cha 1812. Chigawochi chidali ndi nyumba ziwiri za malamulo, ndipo ya Seneti idali ndi mipando 40. Zipani zolimbirana zidali ziwiri, cha Federalist ndi cha Democratic-Republican. Chachiwirichi ndicho chidali ndi mphamvu, ndipo poona kuti anthu ayamba kuchitembenukira, chidakonza lamulo lodulanso madera osankhiramo aphungu a Seneti. Kale maderawo ankatsata malire a maboma. Lamulo latsopano lidang'amba maboma ena pakati, mosayang'ana mtsinje kapena msewu, koma moyang'ana mmene tauni iliyonse inkavotera.

Nzeru yake ndi yachidule, ndipo tikupempha kuti aliyense aimvetse, chifukwa sinasinthe mpaka lero. Otsatira chipani chotsutsa umawaunjika m'madera ochepa, kuti kumeneko apambane ndi mavoti ochuluka opanda nawo ntchito. Otsalawo umawamwaza m'madera ambiri, kuti kulikonse azipereweza pang'ono. Otsatira ako umawayala mosamala ngati mbewu yochepa, kuti paliponse akwane kupambana. Palibe voti yabedwa, palibe wamenyedwa, koma zotsatira zadziwika kale.

M'boma la Essex, kumpoto kwa mzinda wa Boston, adadula dera lina lowonda ndi lokhotakhota, lozungulira m'mphepete mwa bomalo. Pa 26 Malichi 1812 nyuzipepala ya Boston Gazette idasindikiza chithunzi cha deralo atalijambulira mutu, mapiko ndi zikhadabo. Adalifanizira ndi salamander, kanyama konga buluzi, naphatikizapo dzina la bwanamkubwa amene adasaina lamulolo, Elbridge Gerry. Apo ndipo padabadwira mawu oti gerrymander, amene akutchulidwabe m'maiko ambiri ponena za kudula madera mokondera.

Chisankho chitachitika, a Federalist adapeza mavoti a Seneti opitirira 51,000, ndipo a Democratic-Republican adapeza opitirira pang'ono 50,000. Ochulukawo adalandira mipando 11. Ochepawo adalandira mipando 29. Pa chisankho chomwecho Gerry adagonja kwa Caleb Strong pa mpando wa bwanamkubwa, pakuti pa mpando umenewo chigawo chonse chinkavota pamodzi ndipo padalibe malire oti n'kupotoza. Anthu omwewo, tsiku lomwelo, adakana chipanicho pa pepala limodzi koma mapu nkuwakakamiza kuchilandira pa pepala lina.

Tiime pang'ono pa munthu ameneyu. Gerry sadali chigawenga. Adasaina nawo chikalata cholengeza ufulu wa Amerika mu 1776, ndipo mu 1787 adakana kusaina malamulo oyendetsera dzikolo, china mwa zifukwa zake chili choti mudalibe ndime zoteteza ufulu wa munthu payekha. Olemba mbiri amati lamulo la maderalo silidamukomere. Komabe adalisaina, poti anzake a m'chipani adalifuna. Izi ndi zimene zimatidetsa nkhawa kwambiri. Zoipa za mtundu uwu kawirikawiri zimadutsa m'manja mwa anthu olemekezeka, amene mumtima akudziwa kuti n'kulakwa, koma amaopa kutchedwa ogalukira chipani.

Ena adzati palibe lamulo limene lidaswedwa. Ndi zoona, ndipo vuto lagona pomwepo. Munthu wosuntha malire a munda wa mnzake usiku timamutcha wakuba. Nanga wopita kwa mfumu kukasintha mwambo kuti kusunthako kuloledwe, timutche ndani? Lamulo lolembedwa ndi oimira anthu pofuna kuthawa chiweruzo cha anthu omwewo lataya chifukwa chimene timalimverera.

Ena adzatinso zinthu zidadzikonza zokha, pakuti mu 1813 a Federalist adalanda Seneti ndipo lamulolo lidafafanizidwa. Tisadzitonthoze nazo. Nthawi imeneyo aphungu ankasankhidwa chaka ndi chaka, ndiponso nkhondo imene Amerika idayamba ndi Britain mu 1812 idakwiyitsa anthu a chigawocho mpaka mapu adalephera kuwatchinga. Odula madera a masiku ano ali ndi makompyuta odziwa kavotedwe ka malo aliwonse. Ku Wisconsin, ndi mapu olembedwa mu 2011, chipani cha Democratic chidapambana mpando wa bwanamkubwa mu 2018, koma cha Republican chidasunga mipando 63 mwa 99 ya nyumba ya aphungu. Mapu okonderawo adasinthidwa mu 2024, khoti lalikulu la chigawocho litalamula. Ndipo wina asaganize kuti matendawa ndi a chipani chimodzi: mlandu umene khoti lalikulu la Amerika lidagamula mu 2019, lonena kuti makhoti a boma lalikulu sangaweruze nkhani zotere, udakhudza mapu a Republican ku North Carolina ndi mapu a Democratic ku Maryland. Wodandaula lero ndiye amagwira pensulo mawa.

Nanga ife zikutikhudza bwanji? Seneti tilibe, imene idali m'malamulo athu a 1994 idachotsedwa mu 2001 isanakhalepo n'komwe. Koma aphungu athu timawasankha m'madera, ndipo wopeza mavoti ambiri m'dera ndiye amatenga mpando, monga momwe zidaliri ku Massachusetts. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Gawo 76 la malamulo oyendetsera dziko lino lidachita bwino kupereka ntchito yodula madera ku bungwe loyendetsa chisankho, osati kwa aphungu, ndi kulamula kuti madera akhale ndi ovota olingana ndithu, ndi kuti malire aziunikidwa nthawi ndi nthawi. Komabe taonani: madera adali 177 mu 1994, adafika 193 mu 1999, ndipo adakhala choncho mpaka chisankho cha 2025, pomwe adakhala 229. M'zaka zonsezo mizinda inkakula, ndipo voti ya munthu wa m'dera lodzaza inkapepuka poyerekeza ndi ya mnzake wa m'dera la anthu ochepa. Kusiya malire osawakhudza nakonso kumakondera wina.

Choncho tikukana mawu oti nkhani ya malire ndi ya akatswiri okha. Ntchito younikanso madera ikadzayambanso, mafumu, makomiti a m'mipingo, amayi ndi achinyamata apite ku misonkhano yake. Akafunse chiwerengero cha ovota m'dera lililonse, chifukwa chimene mudzi wakutiwakuti wachotsedwa uku nkuikidwa uko, ndi amene adapempha kuti zitero. Mayankho aperekedwe molemba, ndipo mapu apachikidwe pamsika ndi pasukulu Nyumba ya Malamulo isanawavomereze.