Digiri ya Chingerezi, ntchito ya Chinyanja

Za mavuto a wophunzira amene wavula gauni zakambidwa zambiri: makalata ofunsira ntchito osayankhidwa, miyezi yodikira foni, ndi olemba ntchito ofuna zaka zisanu za luntha kwa munthu amene wangotuluka kumene m'kalasi. Zimene sizikambidwa ndi za wamwayi uja amene ntchito yokhazikika waipeza. Sabata yoyamba isanathe amazindikira kuti zaka zinayi anaphunzira m'chilankhulo china, ndipo ntchito aigwira m'chinanso.

Namwino wochokera ku KUHeS anaphunzira za matenda a shuga m'Chingerezi, nalemba mayeso m'Chingerezi, nayankha mafunso a ntchito m'Chingerezi. Koma agogo amene akhala pamaso pake ku Ntchisi akufuna amve chifukwa chake sayenera kusiya mankhwala ngakhale m'thupi mwapepuka. Mlangizi wa zaulimi wochokera ku Bunda ayenera kufotokozera alimi mulingo wa mankhwala opopera mbewu, ndipo akalakwitsa mawu amodzi munda upserera. Kalaliki wa kubanki ku Chipata ayenera kumasulira kwa mayi wogulitsa salaula kuti chiwongoladzanja chimabereka chinzake, mayi amene ngongole anaiphunzirira kwa a kaloba, amene ku Malawi amati a katapila. Ku Angónia ndi ku Lichinga nkhani ndi yomweyi, kungoti chilankhulo cha m'kalasi ndi Chipwitikizi. Onsewa tsiku lonse akumasulira, ntchito imene palibe anawaphunzitsa, palibe anawayesa, ndipo palibe amawalipira.

Yankho la akuluakulu a makoleji ndi olemba ntchito ndi lodziwika: chilankhulo cha kwawo munthu anachiyamwira, nchosafunika kalasi. Mawu amenewa ndi aulesi. Mwana wa ku London nayenso Chingerezi anachiyamwira, komabe akafuna kukhala dokotala amaphunzitsidwa kulankhula ndi wodwala. Kudziwa kupereka moni ndi kutsatsa malonda pamsika sikutanthauza kuti munthu angathe kufotokoza za chikole, za msonkho kapena za katemera popanda kupotoza tanthauzo. Komanso si aliyense anayamwira Chichewa. Mtumbuka wa ku Rumphi wotumizidwa ku Dedza, kapena Mbemba wotumizidwa ku Katete, amangoponyedwa m'madzi kuti aphunzire yekha kusambira. Ndipo Mchewa wotumizidwa ku Karonga kapena ku Mangochi ali m'madzi omwewo.

Kumene ulesiwu umapweteka kwambiri ndi kubwalo la milandu. Malamulo analembedwa m'Chingerezi, mlandu umazengedwa m'Chingerezi, ndipo pakati pa woweruza ndi woimbidwa mlandu paima womasulira. Munthu akafunsidwa kuti “Mukuvomera?” angathe kuyankha kuti inde, kutanthauza kuti analipo pamalopo, kapena kuti mbuziyo anaitengadi chifukwa mwini wake anali ndi ngongole yake. M'kaundula mulembedwa kuti wavomera mlandu. Loya wachinyamata amene sanaphunzitsidwe kumva kusiyana kumeneku adzakhala chete, digiri yake ili m'chikwama.

Zimenezi sizinagwe ngati mvula. Malawi inalengeza Chichewa kukhala chilankhulo cha fuko mu 1968, koma mpaka lero wolephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE, pamene wolephera Chichewa amailandira bwinobwino. Mu 2014 boma linalamula kuti ana aziphunzitsidwa m'Chingerezi kuyambira Sitandade 1. Mwana amene kwa zaka zonsezi wauzidwa kuti nzeru zimalankhula Chingerezi, nchodabwitsa kodi akafika pantchito namaona ngati kufotokozera mlimi m'Chichewa ndi kudzitsitsa? Ena amayankha anthu m'Chingerezi mwadala kuti digiri imveke. Cholakwa nchawo, inde, koma anawapatsa chitsanzo ndi sukulu.

Palibe akunena kuti Chingerezi kapena Chipwitikizi zichotsedwe. Mabuku a zamankhwala ndi a zomangamanga ali m'zilankhulo zimenezo, ndipo wozinyoza adzinamiza yekha. Chofunika nchaching'ono, ndipo zipangizo zilipo kale. Centre for Language Studies yakhala ikugwira ntchito ku Zomba kuyambira 1996, ndipo Mtanthauziramawu wa Chinyanja unatuluka mu 2000. Chatsala ndi chakuti wophunzira unamwino, ulimi, malamulo kapena za chuma akhale ndi phunziro limodzi, m'chaka chomaliza, la kugwira ntchito yake m'chilankhulo cha anthu amene adzawatumikire, ndipo phunzirolo likhale la mayeso, chifukwa chosayesedwa wophunzira sachiwerenga. Wolemba ntchito naye apatule mphindi khumi za mafunso kuti ofunsira afotokozere munthu wamba chinthu chimodzi cha ntchitoyo. Ndipo mtsikana amene abwana amamuitana nthawi zonse kuti “tabwerani mudzatimasulire” alembedwere ntchito imeneyo pa kalata yake, iwonekenso pa malipiro a pamwezi.