ZA MAKINA: Pulogalamu imayamba yafunsa msinkhu wa foni

Dandaulo limene limamveka kawirikawiri m'midzi yathu ya m'malire ndi lakuti: "WhatsApp ikukana kulowa m'foni yanga, pamene ya mnzanga yalowa." Ena amati foni yaonongeka, ena amanamizira netiweki. Sabata ino tiyeni tione gwero lake.

M'foni iliyonse muli pulogalamu yaikulu imene imalamulira zonse, monga mfumu pamudzi. M'mafoni ambiri a kuno mfumuyo ndi Android ya kampani ya Google, m'ma iPhone ndi iOS, ndipo m'makompyuta ambiri ndi Windows. Mapulogalamu enawa ndi alendo chabe, ndipo mlendo wanzeru amayamba wadziwa mfumu ya pamalopo ndi malamulo ake.

Nanga amadziwa bwanji? Android iliyonse ili ndi dzina loonetsa anthu, komanso nambala ya m'kati yotchedwa API level. Android yoyamba ya mu 2008 nambala yake ndi 1. Android 4.4 ya mu 2013 ndi 19, Android 5.0 ya mu 2014 ndi 21, Android 6.0 ya mu 2015 ndi 23, ndipo Android 14 ya mu 2023 ndi 34. Wolemba pulogalamu amaikamo mzere wowerenga nambalayi pa malo otchedwa Build.VERSION.SDK_INT, pulogalamuyo n'kusankha chochita.

Mwachitsanzo, kuyambira pa Android 6.0, mapulogalamu amapempha chilolezo nthawi imene akufuna kugwiritsa ntchito kamera. Kale chilolezo chinkaperekedwa kamodzi poika pulogalamuyo. Choncho ikapeza 23 kapena kuposerapo imakufunsani, ikapeza yochepa siyifunsa.

Wolembayo amaikanso nambala yotsikitsitsa imene pulogalamu yake ingalole. Foni ikapanda kufikapo, pulogalamuyo siyilowa ngakhale mutakopera kwa mnzanu. Mu Okutobala 2023 WhatsApp inasiya mafoni onse osafika Android 5.0, ndipo malire otere amakwezedwa pakapita nthawi.

Dzina loonetsa anthu lija si lodalirika nthawi zonse. Ngakhale Windows 11, imene inatuluka mu 2021, m'kati imadzitchulabe 10.0, moti mapulogalamu amaizindikira ndi nambala ina yoyambira pa 22000. Apa palibe chinyengo, koma pa mafoni chilipo. Ena opanga mafoni onyengezera amalemba dzina la Android yatsopano pamene ya m'kati ndi yakale. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsono abale, ndalama za mbatata ndi chimanga sizibwera mophweka. Musanagule foni yogwirapo kale, kaya ku Ulónguè, ku Zóbuè kapena tsidya la ku Dedza, musakopeke ndi chikuto chonyezimira. Tsegulani Definições, kapena Settings ngati foniyo ili m'Chingerezi, mufike pamene alemba za foniyo, muone Android yake. Musalekere pomwepo: uzani wogulitsa aike pulogalamu imene mukuifunayo inu mukuona, ndipo itseguke. Pulogalamu imawerenga nambala ya m'kati, siyimvera malonda a pakamwa. Ikakana pamsika pompo, ikakananso kunyumba.

Onaninso kuti Android yake isakhale pafupi ndi malire aja, chifukwa foni yongofikako lero ingathe kusiyidwa posachedwa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.