WOFUNA LIWIRO AYAMBE WAKONZA MABULEKI

Masiku ano sicacilendonso kuona timagalimoto tating'ono taliwiro tikuuluka pa mseu waukulu wa Great East, kucokera ku Lusaka kudzera ku Nyimba, Petauke ndi Katete mpaka ku Chipata. Tambiri ndi togwirapo kale nchito tocokera ku Japan, monga Toyota Vitz, Toyota RunX ndi Suzuki Swift, tija tokhala ndi citseko cakumbuyo cotsekukira m'mwamba. Ena mwa eni ake, makamaka anyamata, akangopeza ndalama amathamangira kwa makanika kukaonjezetsa mphamvu ya injini ndi kukaikitsa ekizozi yobangula. Za mabuleki amadzazikumbukira pamene phazi laponda koma galimoto osaima. Nkhani imeneyi ikhudza aliyense, pakuti oyenda m'mbali mwa mseu umenewu ndi ana a sukulu, amai osenza katundu, okwera njinga ndiponso alimi a ngolo za ng'ombe.

Magalimoto a mtundu uwu anachuka kuyambira m'caka ca 1976, pamene kampani ya Volkswagen ya ku Germany inayamba kugulitsa Golf GTI, kagalimoto kolemera makilogiramu 810 cabe koma kotha kuthamanga makilomita oposa 180 pa ola. Okapanga sanalekere pa injini yamphamvu. Ku mawilo akutsogolo anaikako madisiki a mabuleki okhala ndi mipata yopitamo mphepo kuti asatenthe msanga. Iwo anadziwa zimene akulu-akulu amanena, kuti walira mvula walira matope. Munthu wofuna liwiro wafunanso mabuleki olingana nalo, ndipo ndalama yake yoyamba iyenera kupita kumeneko.

Nkofunika kumvetsa mmene mabuleki amaimitsira galimoto. Woyendetsa akaponda, mafuta a mabuleki amakankha mapadi kuti apane disiki imene izungulira pamodzi ndi wilo. Kupekesana kumeneku kumasandutsa mphamvu ya liwiro kukhala kutentha, monga momwe makolo anali kupekera moto ndi timitengo tiwiri. Liwiro likawirikiza kawiri, kutenthako kumawirikiza kanai, ndi mtunda woimira nawonso kanai. Galimoto imene iima m'mamita 14 pa liwiro la makilomita 50 pa ola idzafuna mamita 56 pa liwiro la makilomita 100. Kuonjezera apo, pa liwiro limeneli galimoto imadya mamita 28 pa sekondi imodzi, ndiye kuti mwana akadumphira mu mseu, mamita amenewo amatha phazi lisanafike nkomwe pa buleki.

Mdani wamkulu wa mabuleki ndi kutentha. Mapadi akapsa kopitirira amayamba kutererera pa disiki. Mafuta nawo akawira amacita nthunzi m'mipaipi, ndipo copondera cimangolowa mpaka pansi osagwira kanthu. Izi zimacitika pa bwalo la mpikisano, pamene woyendetsa amaponda mwamphamvu pa khona iriyonse, koma zimacitikanso pa zitsikira zazitali monga za ku Manenekera, popita ku mlatho wa Luangwa. Kaamba ka ici, woyendetsa wanzeru amatsika phiri ndi giya yaing'ono kuti injini ithandize mabuleki.

Tsono wofuna kukonza mabuleki ayambire pati? Ayambe waona zimene ziripo kale. Disiki iriyonse iri ndi nambala yodindidwa yosonyeza malire a kuphaphatala kwake, ndipo imene yadyeka kufika pa malirewo, kapena yang'ambika, njofunika kuicotsa. Kalipa, cija cimagwira mapadi, iyenera kuyenda momasuka osadontha mafuta. Kuika zipangizo zodula pa mabuleki odwala nkutaya ndalama.

Caciwiri ndi mafuta a mabuleki, amene ndi ochipa kuposa zonse koma ambiri sawalabadira. Mafuta olembedwa DOT 3 akakhala atsopano sawira asanafike madigiri 205, a DOT 4 madigiri 230, ndipo a DOT 5.1 madigiri 260. Koma mafutawa amamwa cinyezi ca mumpweya pang'ono-pang'ono, kotero kuti a DOT 4 amene akhalitsa angawire pa madigiri 155 cabe. Ndico cifukwa cake opanga magalimoto ambiri amalangiza kuwasintha onse pa zaka ziwiri zirizonse, ndipo wopita ku mpikisano ayenera kuwasintha kawiri-kawiri kuposa apo. Mafuta a DOT 5 ndi a mtundu wina, sayenera kusakanizidwa ndi enawa. Botolo limene lakhala lotsekula kwa miyezi siloyenera kulikhulupirira. Ndipo kuthira madzi a sopo, monga ena amacitira akasowa pogwira, nkuitana ngozi, pakuti madzi amawira pa madigiri 100 cabe.

Cacitatu ndi mapadi, ndipo apa mpamene ambiri amanyengeka. Mapadi a mpikisano weni-weni anapangidwa kuti azigwira bwino atatentha kwambiri. Akakhala ozizira, monga m'mamawa wa mwezi wa June munthu akungocoka pakhomo, ambiri a iwo sagwira mokwanira, amalira ndiponso amadya disiki msanga. Motero galimoto imene iperekeza ana ku sukulu mkati mwa sabata ifunika mapadi abwino a pa mseu, kapena aja apakati opirira kutentha koma ogwira ali ozizira. A mpikisano aziikidwa tsiku la mpikisano ndi kucotsedwa pobwerera. Mapadi amasinthidwa ku mawilo onse awiri nthawi imodzi, ndipo atsopano afunika kuwazoloweretsa mwa kuponda mosapitirira kangapo pa mseu wopanda anthu, kenaka kuwalola kuzizira.

Cacinai ndi matayala. Mabuleki amaimitsa wilo, koma coimitsa galimoto ndi tayala limene lagwira pansi. Ngati tayala ndi losalala, ngakhale mabuleki akhale aakulu motani, galimoto idzangotsetsereka, makamaka m'nyengo ya dzinja. Pa mseu wa fumbi ndi miyala yosongoka mtunda woimira umatalika kwambiri, ngakhale pa galimoto yokhala ndi ABS, cipangizo cija ciletsa mawilo kumangika. Pambuyo pa matayala, mwini galimoto angasinthe mipaipi ya mphira imene yakalamba ndi kuika yolukidwa ndi waya, imene situpa munthu akaponda mwamphamvu.

Madisiki ndi makalipa aakulu ndiwo omalizira. Nchito yao ndi kupirira kutentha kwa kuponda kobwereza-bwereza pa bwalo la mpikisano, ndipo pa kuima kumodzi kwadzidzidzi safupikitsa mtunda ngati matayala ali omwewo. Akaikidwa mosadziwa angasokoneze kugawana kwa mphamvu pakati pa mawilo akutsogolo ndi akumbuyo. Mawilo akumbuyo akayamba kumangika akutsogolo asanatero, galimoto imatembenuka ndi kuyang'ana kumene yacokera. Nchito yotere njofunika makanika wophunzira bwino. Eni magalimoto acenjerenso ndi mapadi acinyengo a m'mabokosi okongola, ndi zivundikiro zofiira zimene zimangokongoletsa kalipa osaonjezera mphamvu iriyonse. Cikome-kome ca mkuyu, mkati muli nyerere.

Palibe wonena kuti mpikisano wa magalimoto ndi woipa. Mabuleki a madisiki amene ali pa magalimoto ambiri lero anachuka kaamba ka mpikisano, pamene Jaguar yokhala nao inapambana ku Le Mans m'dziko la France m'caka ca 1953. Dziko la Zambia nalonso liri ndi mbiri yonyaditsa, pakuti Satwant Singh anakhala katswiri wa mpikisano wa rally wa Africa yense kasanu ndi katatu pakati pa 1988 ndi 2000. Koma akatswiri otere amathamanga m'njira zokonzedweratu, galimoto itayesedwa, iwo atabvala zisoti ndi malamba. Mnyamata wofuna kuyesa liwiro la galimoto yake apite ku bungwe la Zambia Motor Sport Association akaphunzire malamulo ake. Mseu wodutsa pakati pa midzi, misika ndi masukulu ndi wa anthu onse, ndipo malire a liwiro olembedwa pa zikwangwani sasintha cifukwa cakuti munthu wagula mabuleki atsopano.

Bungwe la RTSA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la pa mseu la 2002, limayesa magalimoto ndi kupereka ziphaso, koma silingakhale m'garaji iriyonse. Udindo waukulu uli pa mwini galimoto, pa makanika woona mtima, ndi pa makolo amene ali ndi mphamvu yofunsa mwana wao kuti mafuta a mabuleki anawasintha liti asanamuyamikire za kubangula kwa injini. Mafumu ndi anyakwawa a midzi ya m'mbali mwa mseu nawonso asacite manyazi kudzudzula ndi kudziwitsa apolisi za oyendetsa amene asandutsa mseu kukhala bwalo la mpikisano. Botolo la mafuta a mabuleki ndi mapadi abwino nzochipa kwambiri poyerekeza ndi bokosi la maliro.