ZA UMOYO M'BANJA: Kodi Namwali Wodzibaya Insulini Angabereke?



Mwezi uno tikambirana funso limene latifika kuchokera kwa mnyamata wina wa mumpingo. Iye anapeza mbeta, mtsikana wamakhalidwe abwino ndi woimba kwaya, ndipo ankhoswe a mbali zonse anali pafupi kukumana. Koma pamene abale ake anamva kuti mtsikanayo amadzibaya jekeseni tsiku ndi tsiku chifukwa cha matenda a shuga amene anamuyamba ali mwana, azakhali ake anakana kwamtuwagalu nati, "Ameneyo sadzakuberekera, ndipo akadzatenga pathupi tidzaika maliro awiri." Tsono mnyamatayo akufunsa ngati mawu amenewa ali oona.

Yankho lathu ndi lakuti sali oona. Mkazi wodzibaya insulini angathe kukhala ndi pathupi, nabereka mwana wamoyo ndi wamphamvu. Koma pali chinthu chimodzi chimene banja lotere liyenera kuchimvetsa bwino: ntchito yosamala mwanayo imayamba miyezi ingapo mayi asanaime. Akuluakulu amati mmera m'poyamba, ndipo pa nkhani ino mwambiwu ndi woona ndithu.

Tisawaseke azakhali aja, pakuti mantha awo ali ndi pochokera. Matenda a shuga ali a mitundu iwiri yodziwika. Mtundu wachiwiri ndi umene umagwira akuluakulu ambiri, ndipo kawirikawiri umayamba kuthandizidwa ndi kusintha kadyedwe ndi kumwa mapiritsi. Mtundu woyamba, umene tikukamba pano, umakonda kuyamba pa ubwana kapena pa unyamata. Kapamba amaleka kupanga insulini, amene ntchito yake ndi kulowetsa shuga wa m'magazi m'minofu kuti thupi lipeze mphamvu. Munthu wotere sangakhale moyo popanda kubaya insulini. Si ufiti, si chilango cha tchimo, ndiponso sikuti anadya shuga wambiri ali mwana.

Kale ana odwala chotere ankamwalira asanafike pa msinkhu wokwatiwa, ndipo akazi ochepa amene ankaima ankataya mwana, ambiri nataya ndi moyo womwe. Zinthu zinasintha m'chaka cha 1921 pamene Frederick Banting ndi Charles Best anapeza insulini mumzinda wa Toronto ku Canada. Mu Januwale 1922 mnyamata wa zaka 14, Leonard Thompson, anakhala woyamba kuchiritsidwa ku imfa ndi mankhwalawa. M'chaka cha 1924 dokotala wamkazi, Priscilla White, anayamba kusamala odwala shuga ku Boston, ndipo pambuyo pake anadzipereka kusamala amayi oyembekezera odwala shuga. Pamene ankayamba, pafupifupi theka la ana a amayi otere ankafa. Patapita zaka ngati 50 za ntchito yake, ana oposa 90 mwa 100 alionse ankakhala ndi moyo. Chimene chinasintha ndi chisamaliro.

Nanga n'chifukwa chiyani tikuti chisamalirocho chiyambe mayi asanaime? Ziwalo zazikulu za mwana zimaumbidwa m'masabata asanu ndi atatu oyambirira. Msana ndi ubongo zimatsekeka pa masiku ngati 28 chiyambire pathupi, ndipo mtima umakhala utayamba kale kugunda. Nthawi imeneyi amayi ambiri amakhala asanadziwe n'komwe kuti ali ndi pakati. Ngati shuga ali wokwera m'masabata amenewa, pathupi pangathe kupita padera, kapena mwana angabadwe ndi chilema cha mtima kapena cha msana. Kuyamba kusamala pa mwezi wachinayi, monga amachitira ambiri popita kusikelo, kuli ngati kuthira feteleza chimanga chitamasula kale ngayaye.

Ambuye Yesu anaphunzitsa kuti munthu wofuna kumanga nsanja ayambe wakhala pansi ndi kuwerengera mtengo wake (Luka 14:28). Momwemonso banja lotere likhale pansi ndi dokotala miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi lisanafune mwana, ndipo pa nthawiyo ligwiritse ntchito njira yolera. Palibe chamanyazi pamenepa. Ankhoswe ndi apongozi asawerengere miyezi mkwatibwi wotere ndi kumufunsa kuti mwana ali kuti.

Pa miyezi yokonzekerayi pali zinthu zinayi zoyenera kuchitika. Choyamba, kuyeza magazi kotchedwa HbA1c, kumene kumaonetsa m'mene shuga wakhalira pa miyezi iwiri kapena itatu yapitayo. Madokotala amalangiza kuti chiwerengerocho chitsike kufika pansi pa 6.5 peresenti ngati kuli kotheka popanda kukomokakomoka, ndi kuti chikakhala choposa 10 peresenti mayi ayambe wadikira. Kutsika kulikonse, ngakhale kochepa, kumachepetsa ngozi kwa mwana. Funsani za kuyeza kumeneku ku kiliniki ya shuga, monga ya ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ya ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Chachiwiri, mayi ayambe kumwa folic acid wa mamiligalamu 5 tsiku lililonse asanaime kufikira sabata ya 12, pakuti amateteza msana wa mwana. Chachitatu, ayezetse maso ndi impso, popeza pathupi pangathe kukulitsa vuto limene shuga analiyambitsa kale m'ziwalo zimenezi. Chachinayi, aonetse dokotala mankhwala onse amene akumwa. Ena a kuthamanga kwa magazi, monga enalapril, ndi ena otsitsa mafuta m'magazi sayenera mayi woyembekezera, ndipo dokotala adzawasintha.

Mayi akangozindikira kuti waima, apite kusikelo sabata yomweyo. Mwambo wobisa pathupi kufikira pataoneka tiusiye pa nkhani ino. Aneba angathe kubisidwa, koma anamwino ayi.

Tsono timve chimene chimachitika m'mimba. Shuga wa mayi amawoloka nsengwa ndi kulowa m'magazi a mwana, koma insulini amene mayi amabaya sawoloka. Mayi akakhala ndi shuga wambiri, kapamba wa mwana amapanga insulini wambiri, ndipo mwanayo amanenepa mopitirira, nthawi zina kuposa makilogalamu 4. Kunenepa kotere si chizindikiro cha mphamvu. Mapewa angathe kukanirira pobadwa, ndipo akangodulidwa mchombo shuga wake amatsika mwadzidzidzi. Apa tione kuti jekeseni ya insulini siipweteka mwana; chomupweteka ndi kusowa kwa insulini mwa mayi.

N'chifukwa chake mayi adziyeze shuga kangapo pa tsiku: podzuka, asanadye, ola limodzi atadya, ndi pogona. Podzuka chiwerengero chikhale pansi pa 5.3, ndipo ola limodzi atadya chikhale pansi pa 7.8, koma chisatsike kupyola 4. Makina ena amawerenga mwa njira ina, ndipo pa iwo ziwerengero zomwezi ndi 95, 140 ndi 70. Zonsezi azilembe m'kope ndi kupita nalo kusikelo. Masiku ano kuli tizipangizo tomata pakhungu toyeza shuga usana ndi usiku, ndipo kafukufuku wofalitsidwa m'chaka cha 2017 anaonetsa kuti timathandiza ana a amayi otere kubadwa bwino. Koma mtengo wake ndi wokwera, ndipo kwa mabanja ambiri makina obaya chala ndi kope ndizo zida zake. Bambo wanzeru adzaika ndalama za timapepala toyezera patsogolo pa ndalama za zovala za mwana.

Kadyedwe kakhale ka nthawi yake. Mayi adye katatu pa tsiku ndi tizakudya pang'ono pakati, osadumpha. Nsima ya mgaiwa ndi yabwino koposa ya ufa woyera, koma nayonso imakweza shuga, kotero mitanda ikhale yofanana tsiku ndi tsiku. Mbale idzaze ndi ndiwo: nkhwani, bonongwe, chisoso, nyemba, usipa ndi mazira. Thobwa, nzimbe, tiyi wa shuga ndi mango ambiri nthawi imodzi zimakweza shuga msanga. Mawu akuti woyembekezera adye za anthu awiri asamunyenge. Insulini asungidwe pozizira; kumene kulibe fuliji, botolo likulungidwe bwino m'kapulasitiki ndi kuikidwa mumtsuko wa dothi wa madzi pamthunzi.

Mlingo wa insulini sukhala umodzi miyezi yonse isanu ndi inayi. M'miyezi itatu yoyamba shuga amakonda kutsika, makamaka usiku ndi pamene mayi ali ndi nseru. Kuyambira pakati pa ulendo nsengwa imatulutsa zinthu zimene zimalimbana ndi insulini, kotero kuti pofika miyezi yomaliza mayi angafune insulini wowirikiza kawiri kuposa kale. Zimenezi sizitanthauza kuti matenda akula. Dokotala ndiye adzasintha mlingo poona kope lija. Iye angathenso kupereka aspirin wa mlingo wochepa kuyambira sabata ya 12 pofuna kupewa kuthamanga kwa magazi kwa amayi apakati.

Inu abambo, gawo ili ndi lanu. Mtumwi Paulo analangiza amuna kusamala akazi awo monga asamalira matupi awo omwe (Aefeso 5:28-29). Phunzirani zizindikiro za kutsika kwa shuga: kunjenjemera, thukuta lozizira, njala yadzidzidzi, chizungulire, kulankhula zosamveka, kapena kupsa mtima popanda chifukwa. Mukaona zotere mpatseni masupuni atatu aang'ono a shuga wosungunula m'madzi, muyezenso patapita mphindi 15, ndipo akatsitsimuka adye chakudya. Akakomoka musamuthire kanthu kukamwa, angatsamwe. Mgonekeni chammbali ndi kuthamangira naye kuchipatala. Shuga wa m'kapepala asasowe m'thumba mwake popita kumunda, kumsika kapena kutchalitchi.

Ngozi ina ndi ya kusowa insulini. Mayi akadwala malungo kapena akamasanza, asaleke kubaya poganiza kuti sakudya. Thupi likasowa insulini magazi amasanduka owawasa, ndipo mwana angafere m'mimba m'maola ochepa. Kusanza kosalekeza, ludzu lalikulu, kupweteka m'mimba ndi kupuma mwabefu ndi zizindikiro zoti apite kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale usiku. Chimodzimodzinso mutu ukamawawa kwambiri, nkhope ikatupa, maso akachita chidima, kapena mwana akachepetsa kugunda.

Tinenepo mawu kwa mpingo. Alipo alaliki ena masiku ano amene amauza odwala kuti ataye mankhwala monga umboni wa chikhulupiriro. Kwa munthu wa shuga wa mtundu woyamba uphungu wotere ndi imfa ya m'masiku ochepa. Ambuye wathu anakana kudziponya pansi kuchokera pamwamba pa Kachisi pofuna kuyesa Mulungu, ndipo Luka, mnzake wokondedwa wa Paulo, anali sing'anga. Tipemphere, ndipo tibaye insulini ndi chiyamiko. Mayi wotere asasale kudya pa masiku a mapemphero osala, ndipo akatulutsa chakudya pakati pa ulaliki wautali asayang'anidwe ndi diso loipa. Amayi a Chigwirizano angathandize kwambiri pomuperekeza kusikelo, pakuti maulendo ake adzakhala ochuluka kuposa a amayi ena.

Kuchira kukhale ku chipatala chachikulu chokhala ndi madokotala ndi chipinda cha ana akhanda. Kawirikawiri madokotala sadikira kuti masiku akwane onse. Amakonza kuti mwana abadwe m'sabata ya 37 kapena ya 38, mwa kuyambitsa matenda kapena mwa opaleshoni. Ngati kwanu kuli kutali, pitani kuchidikiro nthawi ikadalipo. Mwana akabadwa ayamwe msanga, isanathe theka la ola, ndipo anamwino adzamuyeza shuga. Nsengwa ikangotuluka, insulini wofunika kwa mayi amatsika kubwerera pa mlingo wakale kapena kucheperapo, kotero asapitirize mlingo wa pathupi. Kuyamwitsa n'kwabwino ndipo sikupatsira mwana matenda, koma kumatsitsa shuga wa mayi, choncho akhale ndi chakudya pafupi poyamwitsa. Za mantha akuti mwana adzatengera, dziwani kuti mwa ana 100 obadwa kwa amayi otere, oposa 90 sadwala shuga wa mtundu umenewu.

Kwa iwe mnyamata amene unafunsa, tikuti usamusiye mtsikanayo chifukwa cha jekeseni. Koma udziyese wekha ngati uli wokonzeka kudzuka usiku kumuyeza shuga, kudikira mwana kufikira dokotala atavomereza, ndi kumuteteza pamene abale ayamba kulankhula. Ngati uli wokonzeka, pitani nonse awiri ku kiliniki ya shuga ukwati usanachitike, ndipo ngati azakhali angalole, muwatenge akamve okha.

Ambuye adalitse mabanja anu onse. Mwezi wamawa, Mulungu akalola, tidzakambirana za kasamalidwe ka mwana wa sukulu wodwala shuga.