KODI UFUMU WA KONGO UKANAPULUMUKA?

Tsiku lina titatuluka m'phunziro la mbiri yakale tinatsutsana kwambiri za ufumu wa Kongo. Mnzanga wina anati Apwitikizi akanapanda kupha mfumu ya dzikolo, bwenzi lero Kongo ali ufumu waukulu wachikatolika pakati pa Africa. Tsikulo ndinavomerezana naye, koma nditaganiza mofatsa ndinasintha maganizo. Ndiloleni ndifotokoze chifukwa chake.

Poyamba tikumbutsane zimene zinachitikadi. Likulu la ufumuwu linali Mbanza Kongo, kumpoto kwa dziko la Angola la lero. Mfumu Nzinga a Nkuwu inabatizidwa m'chaka cha 1491, ndipo mwana wake Afonso I atalowa ufumu anamanga matchalitchi ndi sukulu. Mwana wa Afonso, Henrique, anaphunzira ku Portugal ndipo mu 1518 Papa Leo X anamusankha kukhala episkopi. Mu 1526 Afonso analembera mfumu João III ya ku Portugal kudandaula kuti amalonda akuba anthu ake, ngakhale ana a mafumu omwe, n'kukawagulitsa ngati akapolo. Anapempha kuti amutumizire ansembe ndi aphunzitsi, pamodzi ndi vinyo ndi ufa wa pa Misa, m'malo mwa amalonda. Malonda oipawo sanaleke. Mu 1665 Apwitikizi anagonjetsa asilikali a Kongo pa nkhondo ya ku Mbwila, nadula mutu wa mfumu António I.

Tsono tiyerekeze kuti António ndiye anapambana pa Mbwila. Mnzanga uja akuona Apwitikizi akuthawira ku Luanda, ufumu ukulimba, ndipo pa msonkhano wa ku Berlin wa 1884 mpaka 1885 atsamunda akuopa kugawana dzikolo. Akuti Kongo akanakhala ngati Ethiopia, amene anagonjetsa Italy pa Adwa mu 1896. Akuonanso mdzukulu wa Afonso atakhala pampando lero, nyumba ya malamulo ili pambali pake.

Loto limeneli ndi lokoma, koma akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ine ndikuona nyerere zitatu zimene kupambana pa nkhondo imodzi sikukanachotsa.

Yoyamba ndi ukapolo. Afonso sanakane malonda a anthu onse ayi. Chimene chinamuwawa n'chakuti ogwidwawo anali mfulu za m'dziko lake. Iye mwini anali kugulitsa anthu ogwidwa pa nkhondo, ndipo anaika akuluakulu oti azifufuza ngati wogulitsidwayo analidi kapolo. António akanapambana, kodi mfuti ndi nsalu akanagula ndi chiyani? Ndikhulupirira kuti Kongo wamphamvu akanangogulitsa anthu ambiri a mitundu yoyandikana naye. Ufumu wotere sindingaunyadire, ngakhale mfumu yake itavala mtanda pakhosi.

Yachiwiri ndi kulimbirana mpando. Ku Kongo mfumu ikamwalira, akuluakulu ankasankha ina pakati pa achibale ambiri ofuna ufumuwo, ndipo kawirikawiri nkhani inkathera pa mikondo. Afonso yemweyo analowa ufumu atamenyana ndi m'bale wake. António atafa, mabanja a Kimpanzu ndi Kinlaza anamenyana zaka zambiri mpaka likulu linasanduka bwinja mu 1678. Amene anapasula mzindawo anali eni dziko. António akanafa ndi ukalamba pamphasa pake, mkangano womwewo ukanabuka pa maliro ake.

Yachitatu ikutikhudza ife a m'seminale. Episkopi Henrique anamwalira cha m'ma 1531, ndipo panalibe mwana wa Kongo wina amene analowa m'malo mwake. Dayosizi inakhazikitsidwa mu 1596, koma aepiskopi ake anali ochokera kunja, ndipo pambuyo pake anasamukira ku Luanda. Ansembe anali ochepa, ambiri mwa iwo alendo. Paja mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Panapita zaka zoposa 400 kuchokera pa Henrique kufikira pamene Joseph Kiwanuka wa ku Uganda anadzozedwa episkopi mu 1939. Kuno kwathu wansembe woyamba wachimalawi, Bambo Cornelius Chitsulo, anadzozedwa mu 1937.

Sindikuchotsera Apwitikizi mlandu. Iwo ndiwo anabwera ndi zombo zonyamula akapolo, ndipo iwo ndiwo anathetseratu mphamvu za ufumuwo mu 1914. Ndikungonena kuti tikamalota mbiri ina, tisasinthe nkhondo yokha. Ine ndikanapatsidwa mwayi wosintha chinthu chimodzi, sindikanapita ku Mbwila. Ndikanabwerera ku 1526, kuti Afonso aletse kugulitsa munthu aliyense, wa kwawo kapena wa mtundu wina, ndi kuti Henrique atsegule seminale yophunzitsa ana a Kongo unsembe. Mwina ufumuwo ukanasauka, mwinanso ukanagwabe. Koma ukanasiya Mpingo woima paokha, wokhala ndi ansembe otha kudzudzula mfumu yawo ikalakwa.

Anzanga aseminale, zimene Kongo anazisowa ife tili nazo m'manja. Makolo athu akugulitsa chimanga ndi mbuzi kuti tikhale pano. Mawa belu la kusukulu likalira, tikumbukire kuti Henrique anali yekha.