Nthambo Ziwiri pa Sipika Imodzi: Nzeru Kapena Kutaya Ndalama?

Nyumba zambiri za ku Kapata, ku Mchini ndi ku Kalongwezi tsopano zili ndi makina aja ochedwa home theater, ndipo madzulo banja limasonkhana kumvera nyimbo za makwaya kapena kuonerera mpira. Ena mwa ife tauzidwa kuti sipika imalira bwino koposa ikalumikizidwa ndi nthambo ziwiri, njira imene amaichula kuti bi-wiring. Tisanatulutse ndalama ya ufa ndi ya sukulu, tiyeni tiione bwino nkhaniyi.

M'bokosi la sipika mumakhala zolira ziwiri: cacing'ono ca mawu okwera, ndi cacikulu ca mawu a besi. Masipika ena ali ndi malo anayi omangapo nthambo kumbuyo, awiri ofiira ndi awiri akuda, ndipo tizitsulo tiwiri timalumikiza malo apamwamba ndi apansi. Wofuna bi-wiring amacotsa tizitsuloto, namanga nthambo ziwiri zocokera pa malo amodzi a ampulifaya, ina kupita ku colira cacing'ono, ina ku cacikulu. Ngati sipika yanu ili ndi malo awiri okha, njirayi siitheka, ndipo musalole munthu kukugulitsani nthambo yaciwiri.

Nanga phindu lake n'lotani? Mphamvu siiwonjezeka, pakuti nthambo zonse ziwiri zimatunga pa citsime cimodzi. Kusiyana kumene kungakhalepo n'kocepa ndithu, kotero kuti makutu a anthu ambiri sangakuzindikire. Nthambo imodzi yonenepa ya mkuwa weniweni, ya 1.5 kapena 2.5 mm², imagwira nchito yomweyo. Koma cenjerani pogula. Ngakhale dziko lathu ndi la mkuwa, nthambo zina zochipa ndi za aluminiyamu wongokutidwa ndi mkuwa pamwamba. Palani kumapeto ndi mpeni: mukaona zoyera mkati, dziwani kuti si mkuwa.

Palinso njira ina yochedwa bi-amping, imene anthu amaisokoneza ndi yoyambayo. Pa ampulifaya zina za 7.1, malo awiri otsala akhoza kupatsidwa nchito yodyetsa zolira zazing'ono paokha, mukasintha pa menyu. Apa kucotsa tizitsulo tija n'kofunika kopambana, cifukwa kutisiya kukhoza kuotcha makinawo.

Zimene zimateteza cuma cathu ndi zinthu zapafupi. Zimitsani makina pakhoma musanagwire nthambo. Mangani cofiira ku cofiira, cakuda ku cakuda. Mukatembenuza pa sipika imodzi, besi imafooka. Potani bwino timawaya ta kumapeto, pakuti kamodzi kokha kakakhudza mbali inayo, ampulifaya imazima kapena kupsa. Werenganinso ma ohm olembedwa kumbuyo: masipika awiri a ma ohm 8 akamangidwa pamodzi pa malo amodzi amasanduka a ma ohm 4, ndipo makina osakonzedwera zimenezi amatentha. Malaiti akapita, zulani pulagi, kuopa mphamvu yobwera mwadzidzidzi.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Tifunse tisanagule, ndipo ndalama ya nthambo yaciwiriyo igwire nchito ina pakhomo. Makina akayamba kulira bwino, tikumbukire kuti kuseri kwa khoma kuli mnansi wodwala ndi mwana amene akuwerengera mayeso.